Nsalu Imene Ndinabwera Nayo Kuchokera Kumanda

Chaka chotsatana ndi fuluwenza

Uthenga unandipeza ndili kumtsinje wa Naperi, madzi m'mawondo, thewera la Esinati m'manja. Anabwera nawo ndi amuna anga aJemusi, atate anu, akuthamanga ngati aponda njuchi, chipewa cha kunjanji chili m'khwapa. "ANambewe! Tulukanimo m'madzimo! Dona wa kuchipatala wati mubwere Lolemba!" Ine thewera lija ndinalitaya, linapita ndi madzi, kaya linakafika ku Shire. Ndinalulutira mpaka amayi a tsidya lina anaika mitsuko pansi. Ndinaimba pomwepo, mwendo uku mwendo uku: ndalembedwa ine, ndalembedwa, mwana wa aMbewe walembedwa kwa Boma, sopo sadzatha m'manja mwanga, ee!

Ana anga ndi zidzukulu zanga, izi ndikulemba ndekha m'kope limene Esinati anandigulira nditapuma ntchito. Zilembo ndinaziphunzira ndili kale ndi imvi, m'kalasi la amayi kutchalitchi. Zikapindika musaseke. Muziwerenga mokweza, chifukwa ine mawu ndimayamba ndawaimba kenako n'kuwalemba. Inu mumandidziwa kuti ndine gogo wa nthungululu, woyambitsa nyimbo paukwati. N'zoona. Koma pali china chimene sindinachiimbepo.

Chipatalacho chinali cha Boma, cha ife anthu akuda, chamalata, chokhala ndi chipinda cha amuna ndi cha amayi. Ochapa anali amuna, madobi, koma nsalu za kuchipinda cha amayi ankazikana, ati mwamuna sagwira magazi a uchembere. N'chifukwa chake panafunika ife akazi. Dona, mzungu wamkazi woyang'anira zipinda, tinkamutcha Kamphuno, pakuti nsalu sankayiona ndi maso, ankayinunkhiza. Anandipereka m'manja mwa kapitawo wa ochapa aakazi, aMuhiwa.

AMuhiwa anali Mlomwe. Anachokera kwa Apwitikizi wapansi, atavala chiwondo cha khungwa la mtengo. Amuna awo anatengedwa pa tengatenga wa nkhondo ya Ajeremani, sanabwerenso, ndipo ana awo onse anatha ndi fuluwenza. Chinyanja chawo chinali chokhota, ine ankanditcha mwanaka, ndiye kuti mwana wanga. Tsiku loyamba anandiyang'ana m'manja nati, "Mwanaka, timanja iti n'tosinja kapena n'tovinira?" Ndinati n'ta zonse ziwiri, mayi. Anaseka mpaka kutsokomola. Anandiphunzitsa kuwiritsa nsalu mu mgolo, kuthira buluu kuti iyere mbee, kusita ndi simbi ya makala osagwetsa phulusa. Anandiphunzitsanso ntchito imene ena ankaithawa: kusambitsa mayi amene wamwalira wopanda mbale. M'tauni muja otere anali ambiri, obwera kudzafuna ntchito, kwawo kosadziwika. Boma linkapereka nsalu ya bafuta, yoyera, yatsopano. Tinkamukulunga bwinobwino, akaidi n'kumunyamula kukamuika kumanda a anthu opanda abale, mmodzi wa ife akutsatira pambuyo. AMuhiwa ankati, "Munthu angakhale anayenda ndi nsanza, kwa Mulungu alowe atatchena."

Zaka za fodya wabwino

Zaka izi ndiziimba mwachidule, pakuti zinali zokoma. AJemusi ankasenza katundu pasitesheni ya Limbe. Mabelo a fodya ndi a thonje ankakwera sitima kupita kunyanja yamchere, sitima yomweyo n'kubwera ndi nsalu, sopo, malata, mankhwala, njinga. Kuchipatala mashelefu anali odzaza, bafuta ali mpukutu pa mpukutu. Tinamanga nyumba m'munsi mwa phiri la Soche. Anabadwa Wisikesi, anabadwa Dorika. Esinati anakula, mnyamata wa ku Ndirande anafunsira. Ine ndinapita kwa Mmwenye ku Limbe, ndinagula chilundu cha maluwa ofiira choti ndidzavale paukwati wake. Mmwenyeyo anati, "Mama, iyi Bombay, sichucha." Ndipo sichinachuche ayi.

Chaka chimene fodya anagwa

Atate anu ndiwo anayamba kuona. Tsiku lina anabwera kunyumba dzuwa likadali pamutu. Ndinati mwadwala? Anati, "Wadwala ndi sitima. Yobwera ikubuula ndi kulemera, zitsulo zokhazokha za ulalo wa ku Zambezi. Yopita ikuimba mluzu, mabogi ali gwaa. Azungu a kwawoko akuti fodya wathu wawakwana." Sipanapite mwezi, anawauza kuti ayambe apuma kaye. Kupuma kwakeko kunatha zaka zitatu. Nyumba yonse inatsamira pa manja angawa.

Kenako kalata inachokera ku Zomba. Amene anatiwerengera ndi aKapito, kalaliki wosunga makiyi a sitolo ya chipatala, bambo wa jekete ndi pensulo kukhutu. Anatisonkhanitsa pansi pa zingwe zoyanikira.

"Amayi inu, tamverani. Dziko lili ngati mayi wa pamsika. Akapita ndi dengu laling'ono la tomato, sangabwereko ndi dengu lalikulu la nsomba. Zimene tikugulitsa kunja zachepa, zimene tikugula kunja sizinachepe. Ndiye wogula wamkulu m'dziko muno ndani? Ndi Boma. Boma likamanga nyumba, malata achokera kunja. Likatsegula chipatala, mabotolo, bandeji, sopo, zachokera kunja. Ngakhale malipiro anuwo, mukalandira mumathamangira kwa Mmwenye kukagula nsalu ya kunja. Boma likamwaza, sitima yobwera imalemera. Tsono akuti Boma limange lamba."

AMuhiwa anafunsa, "Nanga galimoto yatsopano ya Bwana Dokotala ija, anaiumba ku Ndirande?"

Tinaseka tonse. AKapito sanaseke. "Ija inaitanidwa kale, mayi. Ine ndimawerenga zolembedwa, sindimalemba ndine."

"Thonje timalima konkuno," ndinatero ine, "ndimalipitirira tsiku ndi tsiku pamakina ochotsa njere pamphambano paja. Bwanji bafuta achite kuchokera kunja?"

"Thonje limapita, aNambewe, limakaphunzira sukulu kwa azungu, limabwera lili bafuta, mtengo wake utakwera ngati mwana wophunzira."

Apo tinasekanso. Kuseka kunatha pamene anafika pamzere wotsiriza. Sopo adzadulidwa pakati. Bandeji azichapidwa n'kumangidwanso. Ndipo bafuta wa maliro: mtembo uzipita nawo mpaka pamphepete pa dzenje, pamenepo uzivulidwa, uzikulungidwa m'mphasa kapena m'chiguduli, nsalu izibwerera, ichapidwe, idikire wina. Nsalu ikapanda kubwerera, wotsatira maliroyo nayenso asabwerere pantchito.

Kwathu chinthu chikafika kumanda ndi cha kumanda. Ngakhale khasu lokumbira salowa nalo m'nyumba lisanatsukidwe. Amene amavula akufa timamudziwa dzina lake, sindililemba m'kope muno. AMuhiwa anangovula duku, n'kulivalanso, nati, "Ine ayi." Anapita okha kwa Dona. Zimene anakambirana sindinazimve, ndinangoona Dona atafiira makutu. Sanawachotse ntchito, pakuti panalibe wina wosita ngati iwo, koma anati maliro asamatsatirenso. Azitsatira Nambewe.

Ndinavomera. Ndinati ndili ndi ana atatu ndi mwamuna wokhala pakhonde. Oyamba amene ndinawavula anali anthu osawadziwa. Ndinkatseka maso, ndinkapemphera, ndinkati si ine, ndi kalata ya ku Zomba. Atate anu sindinawauze. Ndikachokera kumanda ndinkauza Esinati kuti athire ndiye mchere m'ndiwo, ndinkati m'manja mwanga muli sopo. AMuhiwa sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Nsalu zochokera kumanda ankandilandira, n'kuzichapa okha, ati, "Iwe uli ndi ana, mwanaka. Ine zikandigwira zigwira ndani?" Imodzi inang'ambika pangodya, anaisoka ndi ulusi wabuluu umene anausolola kumpendero kwa nsalu yawo ya biriwita, poti ulusi woyera unali utatha m'sitolo.

Chaka cha dzombe, nyengo ya chiperoni

Chifuwa chija chimene aMuhiwa ankatsokomola poseka chinakula. Utsi wa mgolo, madzi ozizira m'mawa, zaka zonsezo. Anagona m'chipinda cha amayi, pabedi limene nsalu zake anachapa okha. Masana ndikamaliza kuyanika ndinkawapititsira phala. Tsiku lina anandigwira dzanja, chikhato chawo chili chokakala ngati mwala wochapira.

"Mwanaka, ine ndilibe munthu. Amene adzandisambitse ndiwe. Amene adzanditsatire ndiwe."

"Musatero mayi, muchira. Mukavine paukwati wa Esinati."

"Usandinamize, ndine wamkulu. Tamva. M'dziko lino ndinalowa ndi khungwa la mtengo, ana akundiseka mumsewu. Ndisatuluke ndi chiguduli cha chimanga. Nsalu zoyerazi ndazichapa mpaka zala kupindika. Imodzi yokha ipite nane. Wamva?"

"Ndamva, mayi."

"Nena bwino."

Ndinanena bwino. Ndinati Mulungu akundiona, mudzapita mutatchena.

Anamwalira Lachisanu m'mawa. Ana anga, tamverani bwino apa, pakuti apa ndi pamene pali nkhani. Tsiku limenelo kunali chiperoni, kamvula kowaza, mphepo yolowa m'mafupa. Pochoka kunyumba ndinali nditavala biriwita wanga wa kuntchito, ndipo chifukwa cha kuzizira ndinafunda pamwamba chilundu chija cha maluwa ofiira, cha ukwati. Ndinali ndi nsalu ziwiri pathupi. Ziwiri.

Ndinawasambitsa ndekha. AKapito anatulutsa bafuta m'sitolo, ndipo pomutambasula ndinaona pangodya ulusi wabuluu. AKapito anayang'ana kumbali nati, "ANambewe, ndikudziwa anali mayi anu. Koma Dona wanena kawiri m'mawa uno. Musandiike pamoto, nanunso musadziike." Mumtima ndinkaimba kuti ndalonjeza, ndalonjeza.

Akaidi anali anayi, ndi msilikali wowalondera amene anaima patali pansi pa mtengo kuthawa mvula. Mwa akaidiwo munali mkulu wina wa imvi, wopanda mano apatsogolo, amene tinazolowerana m'maulendo amenewa. Tinayenda, tinafika, dzenje linali lokumbakumba, madzi atayamba kulowamo. Anatsitsa machira pansi. Mkulu uja anatambasula chiguduli, n'kundiyang'ana.

Ndinaima. Ndinaganiza za Dona. Ndinaganiza za atate anu pakhonde, za Wisikesi amene anali atangoyamba sukulu, za ufa umene unatsala wa masiku awiri. Ndinati bafuta akatsala m'dzenjemu, Lolemba ndilibe ntchito. Izi zinali zoona, ndipo Mulungu akadzandifunsa za bafuta ndili nawo mawu oyankha. Koma pomwepo maganizo ena anabwera, omveka ngati belu: vula chilundu chako, uwakulunge nacho, bafuta abwerere, ntchito ikhale, lonjezo likhale. Sichoyera, koma n'chatsopano, n'cha maluwa, akadachikonda. Dzanja langa linafika paphewa, linagwira chilundu. Ndiye ndinaona ukwati. Ndinaona amayi a ku Ndirande atatchena, ine make mkwati ndili m'biriwita wothimbirira ndi sopo. Ndinati ndidzagulanso ndi chiyani, mwamuna sali pantchito. Dzanja linatsika lokha.

Ndinagwada, ndinamasula bafuta. Ndinayamba kumapazi kuti nkhope ndiione pomaliza. Thupi lawo linali laling'ono, ana anga, ngati la mtsikana. Mvula inawagwa pamaso. Chiguduli chinali chachifupi, mapazi anatsala kunja.

Mkulu wa akaidi uja anati, "Amayi, si anzanu aja munkaseka nawo pamgolo?"

Ndinati ndi omwewo.

Anayang'ana chilundu changa, anayang'ana mapazi aja. "Ine anandimanga chifukwa cha mbuzi," anatero. "Mbuziyo mwini wake anali wamoyo, anandithamangitsa, anandigwira. Inu mwasankha bwino. Awa sathamanga."

Anzake sanaseke. Iye anapita patchire, anazula udzu wonyowa, anakulunga mapazi aja, anamanga ndi luzi. Anawatsitsa. Ine woyambitsa nyimbo, pamaliro a aMuhiwa sindinayambitse nyimbo. Ndinapinda bafuta, ndinamuika m'kati mwa chilundu kuti asanyowe, ndinabwerera.

Ukwati wa Esinati unachitika mwezi wotsatira. Ndinavala chilundu, ndinavina, anthu anati make mkwati watchena. Esinati mwana wanga, uli ndi chithunzi chimene anatijambula Mmwenye wa ku Limbe, umachikonda, unachipachika pakhoma. Tsopano wadziwa chifukwa chake ndikabwera kwanu ndimakhala mochifulatira.

Bafuta uja sanathe msanga. Anaperekeza anthu ena ambiri, n'kumabwerera. Ndikavundula mgolo ndi mtengo, ngodya ya ulusi wabuluu inkatumphuka pamwamba, kumira, kutumphukanso. Panalibenso wondilandira kuti achape. Fodya atayambanso kuyenda, mipukutu yatsopano inabwera, lamulo lija linangofa lokha popanda kalata, monga limafera dzombe. AKapito anandiuza akumwetulira kuti sitima ziwiri zija zayamba kulingana. Ndinati zikomo. Sabata yomweyo ndinapita kumanda kuja ndi bafuta wogula ndekha, ndinkati ndikamuyale pamtumbira. Kunalibe mtumbira. Opanda abale sawaikira chizindikiro. Udzu unali m'chiuno, mizere ina itakumbidwa pamwamba pa ina. Ndinazungulira mpaka dzuwa kupendeka, ndikuitana ngati wamisala, mayi, mayi, ndine mwanaka.

Nsaluyo ilipo, ili pansi m'bokosi langa lachitsulo, yokulungidwa m'pepala. Inu mumayesa ndi ya maliro anga. Si yanga. Ndikadzafa, Dorika, poti ndiwe wolimba mtima, udzaitenge upite nayo kuchipatala, ukafunse ngati kuli mayi amene wamwalira wopanda womulira. Sadzasowa. Ukamukulunge, ukamutsatire mpaka dothi litatseka, usabwerere nako kanthu. Ine mudzandikulunge m'chimene mudzapeze.

Masika a chaka chotsatira dzombe

Ndasiya chimodzi dala, chifukwa ndi chimene chimandiwawa kuposa mawu a mkaidi. Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Malo a aMuhiwa anakhala opanda munthu miyezi ingapo. Tsiku lina Dona anandiitana pakhonde, aKapito akumasulira. Anati pa nthawi yonse ya mavutoyi m'manja mwa Nambewe simunatayike nsalu ngakhale imodzi, ngakhale tsiku limene anaika mnzake. Anati munthu wotere ndiye wokhulupirika, wathandiza Boma. Kuyambira lero ndiye kapitawo. Anandipatsa makiyi a chipinda cha sopo ndi duku loyera. AKapito pomasulira mawu akuti mnzake anatsitsa mawu, maso ali pansapato. Ine ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinati zikomo Dona.

Ndinkafuna kuti zithere pomwepo. Koma atate anu atamva anaponya chipewa m'mwamba, koyamba kuseka chichokereni kunjanji. Anati mkazi wanga kapitawo wa Boma! Anagwira tambala wathu mmodzi yemwe uja. Alongo awo anafulula thobwa. Loweruka masana bwalo lathu la ku Soche linadzaza. Ankandifunsa kuti mwachita chiyani kuti mzungu akukondeni chotere, ine ndinkati kuchapa bwino basi. Anati valani chilundu cha maluwa chija, ndinavala. Anati duku la ukapitawo lili kuti, ndinamanga. Anayala mphasa pakati, anandikhazika, ankaponya mazira ndi chinangwa m'lichero, nthungululu mpaka phiri kuyankha. Anati tsono mwini chimwemwe atipatse nyimbo. Ndinayang'ana pansi, iwo ankayesa ndi manyazi a ulemu. Kenako ndinaimirira.

Palibe mmodzi wa iwo amene ankadziwa chimene ankavinira, ndipo ambiri anapita osadziwa. Ndiwalemba maina kuti mudziwe kuti iwo analibe mlandu. Anabwera aJemusi atate anu, ndi alongo awo aNaphiri ndi aNaphiri aang'ono. Anabwera Esinati ndi amuna ake aLaisoni, ali ndi pakati pa iwe Feliya. Anabwera apongozi a Esinati a ku Ndirande, aChe Mdala ndi aAbiti Saidi, atanyamula mpunga. Anabwera aNasibeko a thobwa, aNangozo azamba, aGelesomu mkulu wa mpingo ndi mayi a kunyumba kwawo aLute. Anabwera madobi awiri, aTebulo ndi aSikelo, atasita malaya. Anabwera anzanga a pamgolo, aEnelesi, aMaliya ndi aDunike. Anabwera aMakwinja a ng'oma kuchokera ku Chichiri, anabwera aNamondwe osaona aja, owatsogolera ndi mdzukulu wawo wamkazi. Wisikesi ndi Dorika munalipo, munadya chiwindi cha tambala. AKapito anaitanidwa, anatumiza moni. Ndipo panali ine, Elube Nambewe, kapitawo, amene ndinayambitsa nyimbo.